Injini ya boti ikamazimazima kapena kufooka pa Shire, fufuzani chonchi musanaimasule

Abale anga amene mumagwira ntchito ndi maboti a injini kuno kuchigwa cha Shire, kaya mumaolotsa anthu pakati pa Bangula ndi Makhanga pomwe njira inaduka ndi madzi mu 1997 paja, kaya mumalowa m'dambo la Elephant Marsh kukatenga nsomba kwa asodzi, kaya mumanyamula matumba a chimanga ndi mbatata kuchokera kwa Nyachikadza kubwera nawo pa Nsanje, ndati ndikulembereni za injini yozimazima ndi yosakoka. Ma injini athu ambiri ndi akale, ma Yamaha Enduro a 15 ndi a 40 aja osakaniza petulo ndi oyilo, pena Mariner pena Suzuki, ndipo ambiri tinagula kwa anzathu atatopa kale. Nde chimene chimandiwawa nchoti injini ikangozima kawiri katatu munthu amathamangira kumasula kabuleta pamchenga pompo, kapena kutumiza ndalama ku Blantyre kuti amugulire CDI, kabokosi ka magetsi kolamulira moto wa ku mapulagi, chonsecho vuto linali kanthu koti akanakonza ndi zala ziwiri osalipira olo kwacha. Kazimidwe kake kamakuuzani pomwe pali vuto, bola mumvetsere. Yambani ndi zinthu zosafuna ndalama, ndipo muzikonza chimodzi nkuyesa, osati zitatu nthawi imodzi, chifukwa ikadzayambiranso simudzadziwa pogwira.

Koma ikazima muli pakati pa Shire ndi anthu, zofufuza zidikire kaye. Madzi amakoka, makamaka kumunsi kwa Chiromo pomwe Ruo walowa kale, ndipo boti lopanda injini silichedwa kutembenuka chammbali. Auzeni anthu akhale pansi aliyense pamalo pake, tengani nkhafi mukocheze, mumange boti, mukatero ndi pomwe mutsegule chivindikiro cha injini. Ndipo chonde musapise dzanja m'madzi kuti muchotse zinyalala ku pulopela, ng'ona zathu mukuzidziwa nokha. Pendekani injini mwendo wake utuluke m'madzi muzichotsa muli m'boti, giya ili pa nyutulo, kachingwe kozimitsira mutakazula. Nkhafi ziwiri ndi ma layifi jaketi zisamasowe m'boti.

Mukamanga boti kumbukirani mmene yazimira. Ngati yangoti zii mwadzidzidzi monga imachitira mukadina batani lozimitsira, kawirikawiri ndi nkhani ya moto wa ku mapulagi. Ngati inayamba yafooka kaye, kudzuka pang'ono nkufookanso mpaka kuthima, amenewo ndi mafuta sakufika. Ikamalira mokweza kuposa masiku onse koma boti likungokwawa, injiniyo ilibe mlandu, yang'anani kumunsi ku pulopela. Ina imanyamuka bwinobwino mmawa, mukayenda mphindi 10 kapena 20 nkuyamba kufooka, mukaipumitsa izizire imabwereramo, imeneyo ganizirani kutentha kapena kutopa kwa koyilo, kachipangizo kopanga moto wa ku mapulagi. Ndiye pali ija yoti mukathira moto wambiri ikuthamanga bwino koma mukabweza moto pofika padoko kapena mukangolowetsa giya yathima, imeneyo kawirikawiri ndi kajeti kakang'ono mu kabuleta, kabowo kodutsa petulo injini ikamalira pa sailensi, kutanthauza musanathire moto. Dzifunseninso kuti chasintha nchiyani vutoli lisanayambe, petulo mwagula kwa munthu wina? munagunda mchenga kapena chitsa dzulo? injini inakhala mwezi osalira? Pamenepo mwafupikitsa kale ntchito.

Tsopano pali zinthu zitatu zoti muyese injini ikulira, pafupi ndi doko, m'boti muli awiri basi, wina aziyendetsa wina aziyesa.

Choyamba ndi chivindikiro cha thanki. Pamwamba pake pali kasikuluwu kolowetsa mpweya, petulo akamatuluka mpweya umayenera kulowa mmalo mwake, nde kakakhala kotseka kapena katsekeka ndi fumbi injini imayenda bwino mphindi zingapo kenako nkufooka. Zili chimodzimodzi kuyamwa maheu m'botolo la pulasitiki milomo osaichotsa, botolo limaphwafuka maheu nkusiya kubwera. Ikayamba kufooka masulani chivindikiro chonsecho pang'ono, mukamva mpweya ukulowa kuti fuuu injini nkudzuka, vuto mwalipeza. Ambiri amakatseka kuopa kuti petulo atayika ponyamula thanki panjinga, pofika padoko aiwala kutsegula.

Chachiwiri ndi kampira kopopera ka pa paipi. Injini ikayamba kufooka kafinyeni kangapo. Ikamadzuka pamene mukufinya nkufookanso mukasiya, ndiye kuti pampu ya mafuta ya pa injini yatopa kapena paipi ikuyamwa mpweya penapake. Mukakapeza kali kophwafuka osabwerera, kutsekeka kuli kumbuyo kwake cha kuthanki, mwina kasefa ka pansi pa paipi ya m'thanki kadzaza zinyalala, mwina ndi kasikuluwu ka mpweya komwe kaja. Injini ili chizimire kampirako kamayenera kulimba mukapopa kangapo, kakamakana kulimba ndiye kuti mavavu ake amkati atha, kapena pali pomwe pakudontha, kapena singano yotseka petulo akadzaza mu kabuleta sikutseka ndipo muona petulo akutsika pakamwa pa kabuleta. Onaninso muvi wa pa kampirako, uziloza ku injini.

Chachitatu ndi tchoki. Ikamafooka kokani tchoki theka kwa kamphindi chabe. Ikadzuka ndiye kuti ili ndi njala ya mafuta, jeti yatsekeka kapena petulo sakufika wokwana. Ikafookeratu nkufuna kuthima, mafuta akufika, kafufuzeni ku moto wa mapulagi kapena kwina. Koma musamapitirize ulendo ndi injini ya njala chonchi poti tchoki ikuikankha, pa ma injini athuwa oyilo amalowa limodzi ndi petulo, nde silinda imene ikulandira petulo wochepa ikulandiranso oyilo wochepa, imatentha, mapeto ake injini imanoka ndipo ndalama yake si yamasewera.

Pa petulo weniweniyo ndiimapo pang'ono, chifukwa kuno kwathu mavuto ambiri amachokera pamenepa. Petulo wa m'Malawi muno amasakanizidwa ndi ethanol, wina amapangidwa konkuno ku Chikwawa ku PressCane kuchokera ku molasesi wa nzimbe, ndipo pa njinga yamoto yoyenda tsiku ndi tsiku simuona vuto, koma ethanol amakoka chinyezi, nde thanki ikakhala theka m'boti masabata angapo, masana kutentha kwathu kuja kopitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala usiku nkuzizirirako, madzi amasonkhana pansi pa thanki pomwe paipi imayamwira. Kuwonjezera apo petulo akasowa pa filing'i siteshoni timagula wa m'zigubu, chigubu choti dzana munali madzi kapena dizilo kapena palafini. Kuyesa kwake nkosavuta. Pezani botolo lagalasi loyera komanso louma, chotsani paipi ku injini, dinani kavavu ka pakamwa pake ndi kamtengo koyera, mupope mpaka theka la botolo, muliike pansi mphindi 5. Kenako liyang'aneni padzuwa. Petulo wabwino amakhala mtundu umodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi ndipo mumaona mbali inayo. Mukaona pansi pali kadontho kozungulira kamene kakugudubuzika mukapendeka botolo, kapena mzere wogawa pakati, kapena petulo yense ali mbuu, amenewo ndi madzi. Musaumire, khuthulani thanki yonse muitsuke ndi petulo woyera pang'ono, masulani kasikuluwu ka pansi pa kabuleta zamkatimo zituluke, mutsukenso kakapu ka sefa ka pa injini, ndipo pobwezera onani kuti kamphira kake kakhala bwino chifukwa pomweponso pamalowa mpweya. Petulo wogona miyezi amada nkusintha fungo, ameneyo ndi amene amasiya zomata m'majeti. Pothira m'thanki muzisefa ndi kansalu koyera pa fanelo, ndipo wosuta fodya akhale kutali.

Kusakaniza nako anthu amangoyeza ndi maso. Ma Enduro ambiri amafuna 50:1, kutanthauza 20 ml ya oyilo pa lita imodzi, 400 ml pa chigubu cha malita 20, theka la lita pa malita 25. Yatsopano imayamba ndi 25:1 maola 10 oyamba. Onani zimene zalembedwa pa injini yanu mutsate zimenezo. Oyilo akhale wa thu sitiroko wa ma injini a pamadzi, pabotolo pamalembedwa TC-W3, osati wa galimoto, ndipo wakuda wotsala ku galaja uja ayi ndithu. Ena amawonjezera dala kuti injini yakale imafuna wambiri, zotsatira zake utsi tolotolo, mapulagi kuda, kaboni kudzaza ku ekizozi, mphamvu nkumachepa. Wochepa ndiye woopsa kuposa. Pezani kabotolo muike chizindikiro pa 400 ml kazikhala m'boti, ndipo muzikhutchumula chigubu musanathire m'thanki.

Petulo akakhala wabwino tsatani njira yake. Pindani paipi m'manja muone ming'alu, makamaka pafupi ndi polumikizira, dzuwa la kuno limaumitsa rabala ndipo mapaipi akale amadyekanso mkati, mukaona tizidutswa takuda mu sefa ndi iyoyo. Konekita ikamagwedera kapena kamphira kake kang'ambika imayamwa mpweya osadontha petulo, nchifukwa chake ndi maso simuona. Lumikizani kapaipi kooneka mkati pafupi ndi injini muyende pang'ono, mukaona thovu likudutsa mpweya ukulowa. Pampu ya mafuta ndi kabokosi kakang'ono komangidwa pambali pa injini, mkati muli dayafulamu ya rabala. Pa ma injini amene ili payokha imasuleni mapaipi osawachotsa, mufinye kampira, petulo akatuluka pa kabowo ka kumbuyo kwake ndiye kuti dayafulamu yabooka. Ikabooka imathira petulo mu silinda imodzi, pulagi yake imanyowa ndipo sailensi imavuta.

Kenako mapulagi. Yendani kaye pang'ono ndi moto umene imafookerapo, zimitsani, muwachotse onse awiri muwaike pamodzi osasokoneza wapamwamba ndi wapansi. Wabwino nsonga yake imakhala yabulawuni komanso youma. Yakuda yonyowa ndi mafuta ochuluka kapena moto wofooka. Yotuwa youma gwa ndi njala ya mafuta kapena kutentha. Pulagi yoyera ngati yatsukidwa, ili ndi timadontho ta madzi, ndiye kuti madzi akulowa mu silinda, ndipo mukaona timachitsulo tonyezimira pa nsonga musailizenso, pisitoni yayamba kudyeka. Chimene ambiri sadziwa nchoti injini ya masilinda awiri imatha kulira ndi imodzi yokha, pa sailensi kumveka ngati ili bwino, koma mukanyamula anthu siikoka nkomwe. Mukaikhudza mosamala pulagi ya silinda yogonayo imakhala yozizirirapo kuposa inzake. Mapulagi ake ambiri ndi NGK B7HS kapena B7HS-10, nambala 10 yakumapetoyo ikutanthauza mpata wa 1.0 mm, ndiye gulani nambala imene injini yanu imafuna osati iliyonse imene yalowa. Muzikhala ndi awiri atsopano mu kapulasitiki kouma.

Poyesa moto wa mapulagi, vekani pulagi kapu yake, muigundike ku chitsulo cha injini kutali ndi bowo lake ndi kabuleta, muigwire ndi pulayala ya zogwirira za rabala, mnzanu akoke chingwe. Moto ukhale wabuluu wolira kuti tha tha, wofiirira wofooka si wabwino. Silinda imodzi ikakhala yopanda moto sinthanitsani mapulagi, vuto likasamuka ndi pulagi basi. Likapanda kusamuka ndipo injini yanu ili ndi makoyilo awiri, sinthanitsani makoyilo muone ngati lisamuke. Masilinda onse awiri akakhala opanda moto musathamangire CDI, yambani ndi batani lozimitsira, limalowa madzi nkumadula moto palokha. Pa Yamaha waya wake ndi woyera, muchotseni polumikizira muyese, moto ukabwera vuto ndi batanilo, koma musanyamule anthu musanalikonze chifukwa injini yosazima mukagwa m'madzi ndi ngozi. Palani dzimbiri pa mawaya akuda omangidwa ku chitsulo cha injini. Ija yozima ikatentha, muyese moto nthawi yomweyo ikangozima isanazizire, mukaupeza palibe kenako nkubwera patapita mphindi 15, ndi koyilo, ya pulagi kapena za pansi pa fulayiwilo. Usiku tsegulani chivindikiro injini ikulira, waya wa pulagi wong'ambika mumauona ukuthetheka.

Nkhani ya kutentha kuno ndi yaikulu kuposa kunyanja, chifukwa madzi a Shire ndi a mchenga, dzinja ndiye matope enieni, Ruo akutsitsa ake kuchokera ku Mulanje, Mwanza nayenso ake. Mchenga umenewo umadutsa mu pampu ya madzi nkumadya impela, kampira ka mapiko kopopa madzi oziziritsa injini, ndi chibale chimene imakhalamo tsiku ndi tsiku. Muzizolowera kucheuka kuona ngati injini ikukodza, kutanthauza kutulutsa madzi oziziritsa pa kabowo kake, madziwo azituluka mwamphamvu osati kudontha. Ikasiya zimitsani pompo, pendekani injini muone timabowo tolowera madzi pa mwendo, namasupuni ndi majumbo zimamata pamenepo ndipo nthawi zina mukangozimitsa zimagwa zokha. Timabowo tikakhala toyera tokosani kabowo kokodzera ndi twaini yokhuthala, mchenga umatseka, pena mavu amamangamo dothi injini ikakhala pakhonde masiku. Zikakanika ndi impela. Hedi ya injini yoyenda bwino mutha kuigwira masekondi angapo, mukadonthezapo madzi nkulira kuti tsss yatentha mopyola, ndipo penti yake imasintha mtundu. Ma injini ena amadzichepetsera okha moto akatentha, nde munthu nkumati yafooka pamene ikudziteteza.

Impela muzisintha chaka ndi chaka, musadikire kuti ife. Mukatsitsa mwendo nkutsegula chibale chake, yakale muipeza mapiko ake atapindika mbali imodzi osawongokanso, nsonga zitadyeka, pena phiko limodzi palibe. Likasowa lifunefuneni mpaka mulipeze, limakatsekera m'njira za madzi kumtunda ndipo olo muike yatsopano injini izitenthabe. Chibale ndi kambale ka pansi zikakhala ndi mizere yozama sinthani zonse. Musataye kakiyi kake, ndipo povundikira chibale muzizunguza shafuti mbali imene wotchi imayendera kuti mapiko agone bwino. Themositati, kavavu kamene kamatsegulira madzi injini ikatentha, nayo imadzaza mchenga, itsukeni muiponye m'madzi otentha muone ngati ikutseguka. Ena amangoichotsa nkutaya, ine sindigwirizana nazo, injini yoyenda yozizira kwambiri imadetsa mapulagi nkumazima pa sailensi. Ndipo musailize pamtunda popanda madzi olo pang'ono pokha, impela imapsa m'masekondi ochepa. Pamadzi osaya kwezani injini mukankhe ndi nsungwi, kuthira moto pamchenga ndiko kumapha mapampu athu.

Tsopano kumunsi. Ija yolira mokweza boti osayenda, nthawi zambiri rabala ya pakati pa pulopela yatha, ikuterereka. Pa moto wochepa imagwira, mukawonjezera nkutaya. Lembani mzere ndi penti kapena msomali kuchokera pa chitsulo cha pakati kufika pa thupi la pulopela, muyende pang'ono ndi moto wambiri, mukapeza mizere yasiyana ndi imeneyo. Ikakuchitikirani panjira bwezani moto muyende pang'onopang'ono mufika. Pa timainjini tating'ono tina pamakhala kapini kamene kamaduka mukagunda chinthu. Chotsani pulopela mwezi uliwonse muone kumbuyo kwake, m'dambo muja maukonde ndi twaini ndi zambiri, zimakulungika pa shafuti nkusungunuka kukhala kampira kolimba kakuda kamene kamamanga injini komanso kudula sili. Sili ikaduka madzi amalowa mu giyabokosi, masulani bawuti ya pansi muone oyilo, akatuluka wotuwa chifukwa chosakanikirana ndi madzi sinthani sili ndi oyilo yemwe, ndi SAE 90 ndipo amathiridwa kuchokera pa bowo la pansi mpaka atulukire pa la pamwamba. Mapiko opindika kapena odyeka ndi mchenga amadya mphamvu yambiri kuposa mmene anthu amaganizira. Palinso saizi, nambala yachiwiri yolembedwa pa pulopela ikakhala yaikulu ndi ya boti lopepuka lothamanga, boti la matabwa lonyamula anthu, matumba ndi njinga zamoto limafuna yaing'ono kuti injini izifika pa 4500 mpaka 5500 rpm, kuzungulira kwake pa mphindi imodzi, pomwe ma Enduro amayenera kulira pa moto wonse.

Musaiwalenso boti lenilenilo, madzi a pansi pa matabwa akapeni, katundu asaunjikane kumbuyo. Injini ili chizimire potozani chogwirira mpaka kumapeto muone ngati kabuleta ikutseguka yonse, tizitsulo tolumikiza timamasuka. Ngati kufooka kunayamba tsiku limene munagunda chitsa ndipo chingwe chikumakubwezani pokoka, kakiyi ka fulayiwilo kangakhale katadyeka, taiming'i yasuntha.

Zonsezi mukaziona ndi pomwe mufike pa kabuleta. Osati pamchenga chonde, yalani nsalu yoyera mu beseni pamthunzi, jambulani ndi foni musanachotse chilichonse. Kasikuluwu kosinthira mafuta a sailensi musanakachotse kamangeni pang'onopang'ono mukuwerenga kuti kazungulira kangati mpaka kagunde mopepuka, lembani nambalayo, ndipo musakamange mwamphamvu nsonga yake imaonongeka. Tsegulani kambale ka pansi muone zimene zili mmenemo, mchenga wosalala, zobiriwira zomata, kapena ufa woyera wa madzi. Chotsani jeti yaikulu, kapaipi ka pamwamba pake kokhala ndi timabowo m'mbali, ndi kajeti kakang'ono, ndi sikuludiraiva yokwana bwino chifukwa ndi za mkuwa sizichedwa kuphwanyika. Iliyonse muiloze kudzuwa, bowo lioneke lozungulira bwino kuwala kukudutsa, la kajeti kakang'ono ndi laling'ono zedi moti kamchenga kamodzi kamatseka theka. Zivikeni mu petulo woyera kapena mankhwala otsukira kabuleta, muuzire ndi pampu ya njinga, njira za m'thupi la kabuleta nazonso. Singano yosokera kapena waya wolimba ayi, zimakulitsa bowo injini nkuyamba kumwa mafuta mpaka kalekale, pakavuta tengani kaulusi kamodzi kofewa ka mkati mwa waya wa magetsi. Khutchumulani fuloti, kanthu koyandama mu kambale kaja, pakhutu, mukamva petulo mkati yabooka. Nsonga ya singano yake ikakhala ndi mzere wozungulira yatha. Kachitsulo ka fuloti musakapinde mongoyerekeza. Gasiketi ya pakati pa kabuleta ndi injini ikang'ambika ikani ina, imayamwa mpweya. Injini ya makabuleta awiri tsukani onse koma umodzi umodzi kuti zinthu zisasakanikirane.

Pobwezera, kasikuluwu kaja kabwerere pa nambala munalemba ija. Kusintha komaliza kumachitikira pamtsinje injini itatentha, giya italowa, boti litamangidwa bwino padoko. Mukaiyesera mu diramu ya madzi imakunamizani chifukwa ilibe katundu. Ikamayetsemula nkufuna kuthima tsegulani pang'ono kwambiri mudikire masekondi angapo, ikamalira molemera ndi utsi wambiri tsekani pang'ono. Masiku amene simuyenda chotsani paipi injini ikulira m'madzi mpaka ithime yokha, kenako mukhuthule kotsala mu kambale, kabuleta sidzamatanso msanga.

Ikakhala kuti mafuta akufika, moto ulipo, ikukodza, pulopela ili bwino koma mphamvu palibe, yatsala ndi kompuresheni, mphamvu imene pisitoni imapanikizira mpweya mu silinda. Kokani chingwe pang'onopang'ono, muzimva kulimba kawiri kofanana, kwina kukakhala kopepuka silinda imeneyo yafooka. Apa pitani kwa amakaniko amene ali ndi geji, ayese injini ili yofunda, mapulagi onse atachotsa. Injini yathanzi imaonetsa kupitirira 100 psi, koma chachikulu nchoti masilinda asasiyane kuposa 10 pa 100 aliyense. Onse awiri akatsika limodzi mwadzidzidzi kawirikawiri ndi gasiketi ya hedi yapsa pakati, imeneyo siyodula kwambiri. Imodzi yokha ikatsika ndi maring'i omatidwa ndi kaboni kapena pisitoni yokalika. Kompuresheni itha kukhala bwino koma injini nkumavutabe ngati masili a kilankishafuti atha kapena timalilime ta kuseri kwa kabuleta tathyoka, chizindikiro cha timalilimeti ndi petulo kulavulidwa pakamwa pa kabuleta injini ikulira. Auzeni amakaniko zonse mwayesa kale ndi mmene mapulagi anaonekera, ndipo apempheni ayese kompuresheni musanagule chipangizo chilichonse chodula, CDI yatsopano pa injini yakutha maring'i ndi ndalama yotaya.

Mukagula injini kwa munthu funsani ngati inamirapo, madzi osefukira a 2015, a namondwe Ana mu 2022 ndi a namondwe Freddy mu 2023 anamiza zinthu zambiri kuno, ndipo injini yomira imene sinatsukidwe msanga mabering'i ake amachita dzimbiri, imalira mokhokhoza nkumafooka pang'onopang'ono. Yanu ikamira musaisiye kuti iume kaye. Tsiku lomwelo itsukeni matope ndi madzi oyera, chotsani mapulagi, muigoneke mabowo aloze pansi, mukoke chingwe pang'onopang'ono madzi atuluke, chikamalimba kapena mukamva mchenga ukukhukhuza siyani pompo ipite kokamasula. Chikamayenda bwino thirani oyilo wa thu sitiroko m'mabowo a mapulagi ndi pakamwa pa kabuleta, kokaninso kangapo, khuthulani kabuleta ndi sefa, umitsani mawaya, muike petulo watsopano wa 25:1 muilize pamadzi theka la ola kapena kupitirira ndi moto wochepa kuti chinyezi chonse chituluke.